Lendi, pinyolo ndi mizinga: masiku 72 amene amphawi analamulira Paris

Nkhani ya Paris Commune anthu ambiri akamaifotokoza amayambira pa mizinga ya pa phiri la Montmartre, ena amathamangira kwa Karl Marx ndi sosholizimu, koma ine ndimaona kuti poyambira penipeni ndi pa lendi. Eya, lendi yomweyi ya nyumba. Chifukwa anthu amene analanda mzinda wa Paris mu Malichi 1871 n'kuulamulira okha masiku 72 ambiri sanali anthu a mabuku akuluakulu ayi, anali akalipentala, atelala, osoka nsapato, osula zitsulo, amayi ochapa zovala za mabwana, anthu oti atha miyezi yambirimbiri osagwira ntchito, zida zawo zili ku pinyolo, ndiye akungomva kuti boma lanena kuti malandilodi ayambe kutolera ndalama zonse za m'mbuyo. Ukayambira pamenepo zambiri zimene anachita zimamveka, ngakhale zolakwa zawo zomwe.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu Julayi 1870 mfumu ya France, Napoleon III, mwana wa mng'ono wake wa Napoleon wotchuka uja, anaputa nkhondo ndi Prussia, dziko la Ajeremani limene nduna yake yaikulu inali Bismarck. Ankaganiza kuti ndi za masabata ochepa, koma pa 2 Sepitembala iye mwini anagwidwa ku Sedan pamodzi ndi chikhamu cha asilikali ake. Patangotha masiku awiri anthu ku Paris anati ufumu watha basi, tsopano ndi repabuliki, n'kuika boma loti lipitirize nkhondo. Pa 19 Sepitembala Ajeremani anazinga mzinda wonse, anthu pafupifupi 2 miliyoni ali mkati, kulowa kulibe kutuluka kulibe, makalata ankatuluka pa baluni mayankho n'kumabwera ndi nkhunda, ndipo nduna ina, Léon Gambetta, inachita kutuluka pa baluni yomweyo kukasonkhanitsa asilikali kunja.

Anazingidwa miyezi inayi ndi masiku, ndipo inali nyengo yozizira koopsa, nkhuni kulibe, anthu mpaka kudula mitengo ya m'misewu. Nyama ya ng'ombe itatha anayamba mahatchi, atachepa mahatchi anapita kwa agalu ndi amphaka, kenako makoswe, makoswe enieni a m'ngalande osati mbewa ayi. Njovu ziwiri za kumalo osungirako nyama, Castor ndi Pollux, zinaphedwa n'kudyedwa. Nkhani ya njovuyi imatchuka kwambiri koma musanamizidwe, nyama imeneyo inapita ku malesitilanti a anthu a ndalama. Mphawi ankadya buledi wakuda wosakaniza ndi madeya ndi zinyalala zina, wochita kupima, ndipo amene ankaima pa mzere kuyambira usiku m'chisanu kuti apeze kachidutswa kameneko anali amayi. Ana ndi okalamba anafa ambiri ndi nthomba, chibayo ndi njala.

Mafakitale ambiri anali atatseka, ndiye amuna analowa gulu la asilikali a mumzinda lotchedwa Garde nationale, limene linakula mpaka anthu pafupifupi 300,000. Malipiro anali franc imodzi ndi theka patsiku, ndi kena kochepa kowonjezera ngati uli ndi mkazi, ndipo m'mabanja ambiri ndalama yokhayo yolowa inali imeneyo. Boma linaimitsanso kaye kulipira lendi ndi ngongole zina mpaka nkhondo ithe. Ndiye taganizani, anthu osauka a ku Belleville ndi Montmartre, amene boma linkawaopa kuyambira kale, tsopano aliyense ali ndi mfuti kunyumba, akuluakulu a magulu awo amasankha okha, ndipo ali ndi mizinga imene yambiri anagula ndi ndalama zosonkherana.

Pa 28 Januwale 1871 boma linagonja. Masiku khumi zisanachitike zimenezi Ajeremani anali atalonga kale mfumu yawo Wilhelm kukhala mfumu ya Germany yense, ndipo anachitira mwambowo m'nyumba yachifumu ya Afalansa eni ake ku Versailles, chipongwe chake chimenecho. Pa 8 Febuluwale kunali zisankho. Anthu akumidzi, amene anali ochuluka ndipo anali atatopa ndi nkhondo, anavotera anthu ofuna mtendere, ndipo ambiri mwa iwowo anali ofuna kuti ufumu ubwerere. Paris inavotera a repabuliki. Nyumba ya malamulo yatsopanoyo inaika Adolphe Thiers, mkulu wa zaka 73, kukhala mtsogoleri, ndipo iye anavomera kupereka kwa Ajeremani dera la Alsace ndi chigawo china cha Lorraine, kulipira ma franc 5 biliyoni, ndiponso kuti asilikali a Germany agube m'kati mwa Paris pa 1 Malichi.

Apa ndi pamene ndimadabwa nawo aphungu aja, kaya kunali kusadziwa kaya kunali dala. Mzinda uli ndi njala, uli ndi mkwiyo, uli ndi mfuti, iwo n'kunena kuti franc ndi theka ija azilandira okhawo amene abweretse umboni woti ndi osaukitsitsa, ngongole za amalonda zimene zinaimitsidwa ziyambe kulipidwa, za lendi sitiwonjezeranso nthawi, ndipo ife sitikhala ku Paris tikakhala ku Versailles. Kwa telala amene makina ake ali ku pinyolo ndipo ali ndi lendi ya miyezi isanu ndi umodzi pamutu, uthenga unali womveka bwino lomwe, longedza.

Ndiye pa 18 Malichi kusanache Thiers anatumiza asilikali kukatenga mizinga ija. Yambiri inali pamwamba pa Montmartre. Asilikali anakwera mwakachetechete, analanda malowo mosavuta, koma mahatchi okoka mizingayo anachedwa kubwera. Zoona, mahatchi. Anangoima pamenepo kudikira mpaka kunja kunacha, amayi amene anadzukira kukagula buledi ndi mkaka anawaona, mphunzitsi wina dzina lake Louise Michel anatsika phiri akukuwa, ng'oma zinalira, ndipo pasanapite nthawi asilikali aja anapezeka ali pakati pa chikhamu cha amayi ndi ana, ena akuwapatsa chakudya ena akuwafunsa ngati angaombere abale awo. Mkulu wa asilikaliwo, Lecomte, analamula kuti aombere. Anyamata anakana, anatembenuza mfuti zawo kuloza pansi, n'kumugwira iyeyo. Madzulo ake Lecomte ndi mkulu wina wa asilikali, Clément-Thomas, amene anthu ankamusungira chakukhosi chifukwa cha kupha anthu ogwira ntchito mu 1848, anaomberedwa kuseri kwa nyumba ina mu msewu wa rue des Rosiers. Meya wa dera limenelo anali mnyamata wa zaka 29, Georges Clemenceau, yemwe uja anadzatsogolera France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo anathamangira komweko koma anapeza zitatha.

Thiers sanachedwe, tsiku lomwelo anathawira ku Versailles, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, n'kulamula kuti asilikali ndi ogwira ntchito m'boma onse amutsatire. Komiti yaikulu ya Garde nationale, anthu oti mayina awo sankadziwika n'komwe kunja kwa madera awo, inangopezeka ili mu Hôtel de Ville, likulu la mzinda, maofesi ali pululu. Panalibe amene anakonzekera zimenezi.

Ena anati tiyeni tiwathamangire ku Versailles pompano asanapume, asilikali awo ndi ochepa ndipo mitima yawo yagawanika. Komiti inati ayi, ife palibe anatisankha kuti tilamulire mzinda, tichititse kaye zisankho. Anthu akhala akukangana za chiganizo chimenechi kwa zaka 150, Marx mwini wake anati analakwitsa. Ine mtima wanga umakhala pawiri. Munthu wa mfuti amene wapeza mpando uli wopanda mwini n'kunena kuti tifunse kaye anthu, ameneyo ndi wosowa padziko pano, ndipo sindingamunyoze. Koma sabata imene anataya ija Thiers sanaitaye. Zisankho zinachitika pa 26 Malichi, anthu pafupifupi 230,000 anavota, mipando inali 92, ndipo pa 28 Malichi khonsolo yatsopanoyo, imene ankaitcha Commune, inalengezedwa pabwalo la Hôtel de Ville mbendera zofiira zili petupetu.

M'khonsolomo munali anthu a ntchito zamanja ambiri ndithu, kuphatikiza atolankhani, aphunzitsi, madokotala ndi maloya, ndipo sanali a maganizo amodzi. Ena anali otsatira Auguste Blanqui, okhulupirira kuti kagulu kochepa kolimba mtima kalande boma kenako zina zidzatsatira, ena mitu yawo inali idakali ku chipolowe chachikulu cha 1793, ena anali a mabungwe a ogwira ntchito ofuna makopaletivu ndi kuti mzinda uliwonse uzidziyendetsa wokha. Blanqui yemweyo, amene anatha zaka zoposa 30 za moyo wake m'ndende, anamangidwa pa 17 Malichi kutali ndi Paris, tsiku limodzi zinthu zisanayambe. Mtsogoleri mmodzi woti n'kumuloza panalibe, ndipo anachita dala kuti pasakhale.

Tsopano onani zimene anayamba nazo. Tsiku lotsatira, pa 29 Malichi, analamula kuti lendi yonse kuyambira Okutobala 1870 mpaka Epulo 1871 yafafanizidwa, ndipo amene anali atalipira kale ndalama zakezo ziwerengedwe za miyezi yakutsogolo. Tsiku lomwelo anaimitsa kugulitsa katundu wa ku Mont-de-Piété, nyumba yaikulu ya pinyolo ya mzinda. Nyumba imeneyi inali ngati gawo la moyo wa mphawi aliyense ku Paris, zikavuta umapita ndi matilesi, mabulangete, wotchi, mapoto, makina osokera, ngakhale nyundo ndi macheka ako, amakupatsa kandalama, ukalephera kuombola amagulitsa. Ndiye vuto lake mukuliona, munthu wapinyolitsa chida chimene amapezera ndalama yoti aombolere chidacho. Anakambirana nthawi yaitali, ena akuti nyumbayo ingotsekedwa ena akuti nanga mphawi azikakongola kuti, mpaka mu Meyi anagwirizana kuti zovala, zofunda, mipando, mabuku ndi zida za ntchito zimene anthu anakongolera ma franc osapitirira 20 zibwezedwe ulere. Anthu anali ochuluka kwambiri moti ankachita maere kuti ayambe ndani, ndipo ambiri nthawi yawo isanakwane mzinda unali utagwa kale.

Lamulo limene ndimalikonda kwambiri ndi la ophika buledi. Ku Paris anthu amafuna buledi wotentha m'mamawa, ndiye ogwira ntchito m'mabekale ankakanda ufa usiku wonse m'zipinda zapansi zotentha, masana n'kumagona, dzuwa osaliona, ana awo osawaona. Anapita okha kukadandaula, ndipo Commune inaletsa ntchito ya usiku m'mabekale. Eni mabekale anakwiya, ngakhale m'khonsolo momwemo ena ankati izi si za boma asiyeni agwirizane okha, koma Léo Frankel, amene ankayang'anira za ntchito, anaumirira. Mizinga ikulira kunja kwa mpanda wa mzinda, anthu akuluakulu atakhala pansi kukangana kuti wophika buledi azigona nthawi yanji. Ena amati kumeneko kunali kutaya nthawi. Ine ndimati ngati si zimenezo ndiye ankamenyera chiyani?

Analetsanso mabwana kudula malipiro a antchito ngati chindapusa, zimene zinali ponseponse nthawi imeneyo, kuchedwa pang'ono akudula, kuyankhula pa ntchito akudula. Malo ogwirira ntchito amene eni ake anathawa anati awerengedwe kuti aperekedwe kwa makopaletivu a antchito, koma eni akewo akadzabwera adzalipidwe, onani ulemu wake. Wogwira ntchito m'boma aliyense asalandire zoposa ma franc 6,000 pachaka, ndipo a khonsolo eni akewo ankalandira 15 patsiku. Akazi amasiye a asilikali a Garde nationale azilandira penshoni kaya panali ukwati wa ku tchalitchi kaya ankangokhalira limodzi, ana onse chimodzimodzi, ndipo m'madera osauka mabanja ambiri anali otero. Pa 2 Epulo analekanitsa tchalitchi ndi boma, chinthu chimene France inadzachita mu 1905. Sukulu anati zikhale zaulere ndi zosayendetsedwa ndi mpingo, zimene dziko linadzachita m'zaka za 1881 ndi 1882. Anthu a dera lina anakoka makina odulira anthu mitu aja, guillotine, n'kuwatentha poyera.

Amayi sanaloledwe kuvota, ndipo Commune sinasinthe zimenezo, amayi a ku France anadzapatsidwa voti mu 1944. Koma sanakhale pansi. Nathalie Lemel, womanga mabuku, ndi Elisabeth Dmitrieff, mtsikana wa ku Russia wa zaka 20, anayambitsa bungwe la amayi limene linkasamalira ovulala, kugawa ntchito yosoka mayunifolomu ndi matumba a mchenga, ndi kumenyera kuti amayi azilipidwa bwino. Madzulo matchalitchi ambiri ankasanduka malo a misonkhano, mayi wochapa zovala n'kukwera pa gome la wansembe kuyankhula za mabwana, za amuna oledzera, za ansembe amene. Alendo nawonso sanawasale, Frankel uja anali wa ku Hungary, ndipo mmodzi mwa akuluakulu a nkhondo odziwa ntchito kwambiri anali Jarosław Dąbrowski wa ku Poland.

Koma nkhani ya banki, abale. Banque de France, kumene kunali golide ndi ndalama za dziko lonse, inali m'kati mwa Paris, m'manja mwawo. Sanailande. Anatumizako mkulu wina wa zaka 75, Charles Beslay, munthu waulemu wake, amene anabwerako n'kuuza anzake kuti banki ndi chuma cha dziko, mukaigwira ndalama za pepala zisanduka mapepala wamba. Ndiye oyang'anira chuma cha Commune, François Jourde ndi Eugène Varlin, ankapita kukapempha pang'onopang'ono zolipira asilikali, n'kumalemba bwinobwino m'mabuku khobidi lililonse. Zonse zimene anatenga zinali ma franc pafupifupi 16 miliyoni, pamene banki yomweyo kudzera m'nthambi zake zakunja inapatsa a ku Versailles zoposa pamenepo kakhumi, ndalama zokonzera asilikali odzawapha iwowo. Zinali ngati munthu wanjala amene wagona pakhomo pa nkhokwe kuilondera, mwini wake akutapa chakuseri. Mantha a Beslay sanali opanda pake, ndipo Ajeremani amene ankadikira ma biliyoni awo anali adakali m'malinga a kumpoto ndi kum'mawa kwa mzinda, sakanangoonerera. Komabe chinthu chimodzi chokha chimene chikanamukakamiza Thiers kukhala pansi n'kukambirana chinali chimenecho. Anthu amene manyuzipepala a ku Versailles ankawatcha mbava anafa mabuku awo a ndalama ali olongosoka.

Sikuti anali angelo. Pa 3 Epulo anayesa kupita ku Versailles mochedwa ndi mosakonzekera, mizinga ya pa linga la Mont-Valérien inawabalalitsa, ndipo a Versailles anayamba pomwepo kupha ogwidwa, Émile Duval anaomberedwa, Gustave Flourens anatemedwa mutu ndi lupanga atagwidwa kale. Commune inabwezera ndi lamulo logwira anthu ngati chikole, ndipo mkulu wa apolisi wawo, Raoul Rigault, mnyamata wa zaka 25 wodana ndi mpingo koopsa, anayamba kutola ansembe, kuphatikizapo Arkibishopu wa Paris, Georges Darboy. Manyuzipepala otsutsa anatsekedwa, anthu omwe aja ankalira ufulu wa atolankhani. Anapempha Thiers kuti asinthane, iye apereke Blanqui iwo apereke Darboy, kenako anati tipereka onse amene tawagwira posinthana ndi munthu mmodziyo, Darboy mwini analemba kalata kupempha, Thiers anakana.

M'kati namonso munali mikangano yokhayokha. Pa 1 Meyi anavota kukhazikitsa komiti ya anthu asanu ya mphamvu zambiri, kutengera dzina la komiti yoopsa ya 1793, ndipo ena monga Varlin anakana nati uku n'kubweretsa ulamuliro wankhanza umene tikuthawa. Woyang'anira nkhondo anasinthidwa kangapo, Cluseret anamangidwa ndi anzake omwe, Rossel amene anali msilikali weniweni anatula pansi udindo atatopa ndi misonkhano yosatha, mpaka ntchitoyo inagwera Charles Delescluze, mtolankhani wa zaka 61 wodwaladwala. Mizinda ina monga Lyon, Marseille, Saint-Étienne, Toulouse ndi Narbonne inayesa kuchita zomwezo koma inazimitsidwa m'masiku ochepa, ndipo akumidzi ankangomva za mbali imodzi, kuti ku Paris kuli zidakwa ndi akuba ofuna kugawana minda yawo. Bismarck naye, mdani wa dzulo, anamasula msanga asilikali a France amene anawagwira pa nkhondo kuti Thiers akhale ndi gulu lokwanira, mpaka linafika pafupifupi 130,000 pansi pa mkulu wa asilikali MacMahon. Pa nkhani ya amphawi a mfuti maboma awiriwa anamvana msanga.

Pa 16 Meyi, adani ali pafupi ndi mpanda, Commune inagwetsa chipilala cha Vendôme chimene pamwamba pake panali chifanizo cha Napoleon woyamba, bandi ikuimba, anthu akuombera m'manja. Mlandu wake unadzagwera wojambula zithunzi wotchuka Gustave Courbet, amene anamangidwa miyezi isanu ndi umodzi kenako n'kulamulidwa kulipira ma franc oposa 300,000 omangiranso chipilalacho, anathawira ku Switzerland n'kufera komweko kumapeto kwa 1877 asanalipireko.

Lamulungu pa 21 Meyi kunali konsati yaikulu m'munda wa Tuileries yothandiza amasiye. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Masana omwewo munthu wina anakodola asilikali a Versailles kuti chipata cha kumadzulo chakum'mwera, ku Point-du-Jour, chilibe mlonda, ndipo pofika usiku masauzande anali atalowa. Sabata imene inatsatira Afalansa amaitcha sabata ya magazi. M'malo momenya nkhondo ngati gulu limodzi aliyense anathamangira kukateteza dera lake, kuzula miyala ya mumsewu n'kuunjika malinga, amayi ndi ana omwe, koma asilikali sankabwera chamaso, ankazungulira m'tinjira, kuboola makoma a nyumba n'kutulukira kumbuyo kapena kuombera ali pa mawindo apamwamba. Linga likagwa, amene apezeka pamenepo ankaimikidwa pakhoma.

Ndipo sikuti ankapha ogwidwa ndi mfuti okha. Ankayang'ana m'manja ngati muli kuda kwa onga, paphewa ngati pali chipsera cha mfuti, kumapazi ngati wavala nsapato za Garde nationale. Mu Paris momwemo, ku nyumba yachifumu ya Luxembourg, ku Parc Monceau, ku nyumba ya asilikali ya Lobau, kunali timakhoti ta mphindi imodzi, uyu kumanja uyu kumanzere, ndipo mbali imodziyo inali ya imfa. Mkulu wina wa asilikali, Galliffet, ankaimitsa mizere ya akaidi opita ku Versailles n'kumasankha oti aphedwe pongowayang'ana nkhope, tsiku lina anatulutsa a imvi ponena kuti amenewa anaonako za 1848 ndiye ndi olakwa kuposa anzawo. Kunabukanso mphekesera yoti amayi akuyenda ndi mabotolo a palafini kutentha nyumba, ndiye mayi wosauka aliyense wonyamula botolo, ngakhale la mkaka, anali pangozi. Moto unalipodi, a Commune anatentha nyumba yachifumu ya Tuileries, Hôtel de Ville pamodzi ndi mabuku a kubadwa ndi maukwati a zaka mazanamazana, ndi nyumba zina za boma, koma gulu la amayi otentha mzinda lija makhoti omwe sanalipeze.

A Commune nawo anapha ena mwa achikole amene anawagwira aja. Darboy anaomberedwa pa 24 Meyi m'ndende ya La Roquette ndi anthu ena asanu, pa 26 Meyi chikhamu chinapha anthu pafupifupi 50 mu rue Haxo, ansembe ndi apolisi. Zinali zoipa ndipo palibe chozikometsera. Varlin anali pomwepo akuyesa kuletsa, sanamumvere. Delescluze ataona kuti zatha anavala bwinobwino, lamba wake wofiira m'chiuno, n'kuyenda ndi ndodo yake wopanda mfuti kukakwera pa linga la ku Château-d'Eau kumene zipolopolo zinkagwa ngati mvula. Imodzi mwa nkhondo zomaliza inali m'manda a Père Lachaise, pakati pa ziliza, ndipo pa 28 Meyi anthu 147 a Commune anaomberedwa pakhoma la mandawo n'kukwiriridwa m'dzenje limodzi. Tsiku lomwelo Varlin anazindikiridwa ali khale pa benchi mumsewu, anamukwezera ku Montmartre anthu akumugenda ndi kumumenya mpaka nkhope yosazindikirika, anamuombera ku rue des Rosiers komwe kuja, ndipo ofisala amene anatsogolera anatenga wotchi yake, imene anzake omanga mabuku anamugulira pomuthokoza atawatsogolera pa sitiraka.

Anafa angati? Kwa zaka zambiri ankati 20,000 kapena kuposa. Katswiri wina wa mbiri wa ku Britain, Robert Tombs, atafufuza m'mabuku a manda anati mwina pakati pa 6,000 ndi 7,500, ena amamutsutsa kuti ambiri anakwiriridwa m'maenje osalembedwa ndipo amati 10,000 mpaka 15,000. Tengani nambala yotsikitsitsayo ngati mukufuna, muiyerekeze ndi achikole amene Commune inapha, amene anali pakati pa 60 ndi 100, ndi asilikali a Versailles amene anafa osakwana 1,000. Koma kwa zaka zambiri ana a sukulu ankamva za arkibishopu ndi za moto basi. Mu 1873 nyumba ya malamulo inavomereza kumanga tchalitchi chachikulu choyera cha Sacré-Cœur pamwamba pa Montmartre pomwe panali mizinga paja, ndipo mpaka lero alipo anthu ku Paris amene safuna kupondamo. Iwo mwezi wa Meyi uliwonse amapita ku khoma la ku Père Lachaise lija ndi maluwa ofiira.

Anthu oposa 40,000 anamangidwa, ambiri anaunjikidwa pa kampu ya Satory ndi m'zombo zakale pa madoko. Mzinda unasowa amisiri, mabwana omwe anayamba kudandaula kuti osoka nsapato ndi akalipentala apita kuti. Louise Michel anali atazemba, koma atamva kuti agwira mayi ake m'malo mwake anakadzipereka yekha. Pa mlandu wake mu Disembala 1871 sanakane kanthu, anauza oweruza kuti ngati si amantha amuphe. Sanamuphe, anamutumiza ku New Caledonia, chilumba cha m'nyanja ya Pacific, ulendo wa miyezi inayi pa sitima, kumene anthu a Commune oposa 4,000 anatayidwa.

Kumeneko ndi kumene nkhaniyi imandiwawa mwamtundu wina. Chilumbacho chinali ndi eni ake, Akanak, anthu akuda amene Afalansa ankawalanda malo ng'ombe za atsamunda n'kumadya minda yawo. Mu 1878 anaukira motsogozedwa ndi mfumu Ataï. Mungaganize kuti anthu amene anaona anzawo akuomberedwa pakhoma ndi boma lomwelo akanamvetsa, koma ambiri a iwo anaima mbali ya atsamunda, ena mpaka anapempha mfuti. Louise Michel anali mmodzi mwa ochepa kwambiri amene anaima ndi Akanak, anali ataphunzirako chiyankhulo chawo, kulemba nthano zawo ndi kuwaphunzitsa kuwerenga. Ataï anaphedwa, mutu wake unadulidwa n'kutumizidwa ku Paris kuti akatswiri akaupime, ndipo France inadzabweza chigaza chake mu 2014.

Pachilumba chomwecho panalinso akaidi ena ochokera ku Africa kuno. Mu Malichi 1871 momwemo, masiku awiri mizinga ya Montmartre isanayambitse zinthu, anthu a ku Algeria motsogozedwa ndi El Mokrani anaukira ulamuliro wa France, nkhondo yaikulu imene inatha miyezi yambiri, ndipo atagonja analandidwa minda yochuluka, atsogoleri awo n'kutumizidwa ku New Caledonia komweko. Ena mwa iwonso anathandiza Afalansa kusaka Akanak poyembekezera kuti akhululukidwa. Mu Julayi 1880 nyumba ya malamulo inakhululukira onse a Commune, anakwera sitima kubwerera kwawo, Louise Michel anafika ku Paris mu Novembala chikhamu chikumudikira pa siteshoni, ndipo anapitiriza zomwezo, kulowa ndi kutuluka m'ndende mpaka imfa yake mu 1905. Chikhululukiro chimenecho a ku Algeria sichinawakhudze. Anadikira zaka zina zambiri, ochuluka sanabwererenso, anakwatira konko, ndipo zidzukulu za anthu a ku Algeria amene anatayidwa pachilumbacho zilipo mpaka pano cha ku Bourail.